Holo, garden kapena pakhomo? Kuyerekeza malo, zokongoletsa ndi chakudya cha ukwati ndi chinkhoswe mu Lilongwe

Makomiti ambiri a ukwati ndi chinkhoswe muno mu Lilongwe amayambira kumapeto. Pa msonkhano woyamba foni imayamba kuyenda m'manja, anthu akuonetsana zithunzi za pa Facebook ndi pa WhatsApp, kukambirana ngati nsalu zikhale zagolide kapena zobiriwira, pomwe palibe amene wafunsa kuti mwezi umenewo kunja kumakhala bwanji, alendo adzakhala angati, ndipo adzadya nthawi yanji. Ine ndimalimbikira kuti mwezi, chiwerengero cha anthu ndi malo zikambidwe poyamba, chifukwa zokongoletsa ndi chakudya zimangotsatira zimenezi. Nsalu yokongola m'holo imauluka ndi mphepo ya Ogasiti mukaitengera panja, ndipo mpunga umene ukanafika bwino madzulo a Juni umayamba kusasa pa dzuwa la Okutobala.

Palinso china chimene zithunzi za pa intaneti sizikuuzani. Zambiri mwa izo zimachokera kumaiko kumene alendo amakhala pa matebulo awo mpaka mwambo kutha. Ukwati wathu si wokhala pansi. MC akaitana akuchimuna, akuchikazi, akuntchito, akumpingo, anzake a mkwati a kusukulu, anthu amadzuka, kuvina kupita kutsogolo, kufupa, kubwerera, kukasinthitsa ndalama kwa makashiya, n'kudzukanso. Perekani-perekani ndiye amatenga gawo lalikulu la masana onse. Choncho njira iliyonse imene tiyerekeze pano ndiziyeza ndi mafunso awa: kodi anthu ayenda momasuka, akhala pamthunzi, adya chakudya chotentha pa nthawi yake?

Malo

Tiyambe ndi maholo a m'mahotela ndi malo akuluakulu a misonkhano, monga BICC ku City Centre, Sunbird Capital kapena Crossroads. Chimene mumagula pamalo otere ndi mtendere wa mumtima. Mvula ikagwa simudandaula, magetsi a ESCOM akazima jenereta ilipo, zimbudzi ndi zokwanira, magalimoto ali ndi poima ndi alonda. Makoma ake ndi abwino kale, kotero simufunika nsalu zambiri zobisa ming'alu. Koma mtengo ndi wokwera, ndipo mahotela kawirikawiri amafuna kuti chakudya ndi zakumwa zichokere kukhitchini kwawo, n'kumawerengera pa munthu aliyense. Zikatero achibale khumi obwera mosayembekezereka kuchokera ku Mitundu kapena ku Nkhoma asanduka nkhani ya ndalama, ndipo banja limakakamizika kuika munthu pakhomo woona makadi. Ngati abale anu ndi a mtundu woti sangamvetse zobwezedwa pakhomo, ganizirani kawiri. Chilonda cha azakhali obwezedwa pa ukwati chimatenga zaka kuti chipole.

Maholo a mipingo ndi a sukulu, amene ali pafupifupi m'dera lililonse kuyambira ku Area 25 mpaka ku Kawale ndi Likuni, ndiwo amasenza maukwati ambiri a mumzinda uno. Ndi otsika mtengo, amalowa anthu ambiri, mumabwera ndi chakudya chanu, ndipo akumpingo safunika kuyenda mtunda kuchokera kutchalitchi. Vuto lake lili padenga ndi pansi. Holo ya malata yopanda siling'i imatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, ndipo mvula yamphamvu ikagwa pamalatapo, ngakhale MC wa mawu otani samveka. Pitani mukaione holoyo pa ola lomwelo limene mwambo wanu udzachitike, osati m'mawa kukadali kozizira. Tsegulani mawindo muone ngati mpweya ukudutsa, tsegulani mpopi wa kuchimbudzi, funsani ngati mipando ili mu mtengo womwewo, komanso malamulo a eni ake pa nkhani ya mowa, nyimbo ndi nthawi yotsekera. Mipingo ina salola nyimbo zina m'holo mwawo, ndipo DJ ayenera kudziwa zimenezi tsikulo lisanafike.

Ma garden ndiwo akopa mitima ya achinyamata zaka zimenezi, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Kapinga wobiriwira ndi mitengo zimagwira ntchito imene nsalu za ndalama zambiri sizingagwire, ndipo zithunzi zimatuluka bwino chifukwa cha kuwala kwa dzuwa. Koma garden imalamulidwa ndi kalendala. Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula, ndipo mvula ya Lilongwe imakonda kubwera masana, nthawi yeniyeni ya perekani-perekani. Meyi ndi mwezi umene ine ndimausirira: mvula yatha, kunja kukadali kobiriwira, fumbi silinayambe. Juni ndi Julayi masana kumakhala bwino, koma mzinda uno uli pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndiye dzuwa likangopendeka chisanu chimatsika msanga, agogo n'kuyamba kutsanzika mwambo usanathe. Ogasiti ndi Seputembala kuli mphepo ndi fumbi. Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 30, ngakhale kuti ndi nthawi imene mitengo ya jacaranda imakhala itachita maluwa. Kumbukiraninso kuti mtengo umene akuuzani wa garden nthawi zambiri ndi wa malo okha. Matenti, mipando, matebulo, jenereta, nthawi zina ngakhale zimbudzi zoonjezera, mumabweretsa nokha, ndipo mukaphatikiza zonse mutha kupeza kuti mwafika pa mtengo wa holo yabwino.

Pakhomo ndi tenti ndi njira imene ndimaikonda pa chinkhoswe, bridal shower, chikondwerero cha tsiku lobadwa la makolo kapena phwando la mwana amene wamaliza maphunziro. Chinkhoswe ndi mwambo wa mabanja awiri, ndipo chimakhala ndi ulemu wake chikachitikira pakhomo pa makolo a mtsikana. Kukhitchini kuli pompo, madzi ali pompo, ankhoswe ali ndi chipinda chokambiranamo zapadera. Zovuta zake ndi zodziwika: mapuloti ambiri a ku Chilinde, Mchesi kapena Area 23 ndi aang'ono, poimika magalimoto palibe, chimbudzi chimodzi sichikwanira anthu 150, ndipo katundu wa m'nyumba amafunika womuyang'anira. Uzani anansi pasadakhale, ndipo ngati n'kotheka aitaneni. Sungani madzi m'migolo kuyambira dzulo lake, pakuti mipopi ikhoza kuuma tsiku lomwelo.

Zokongoletsa

Apa pali njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi malo ake.

Yoyamba ndi kupereka ntchito yonse kwa okongoletsa, iwo abwere ndi nsalu, kapeti, mipando ya akwati, ma chair cover, maluwa, nyali ndi anyamata omanga. Ngati mwasankha holo yaikulu kapena garden ya anthu 300 kupita m'tsogolo, iyi ndiyo njira yanzeru, chifukwa kumanga nsalu padenga lalitali si ntchito ya achibale ongodzipereka. Choyenera kusamala ndi chakuti Loweruka limodzi okongoletsa ena amatenga maukwati awiri kapena atatu, katundu wabwino n'kupita kumene kwalipidwa zambiri. Musakhutire ndi zithunzi za pafoni, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pemphani kukaona kumene akukongoletsa Lachisanu madzulo, mugwire nsaluzo ndi manja, muone ngati ma chair cover ndi ochapa, mufunse kuti amene adzakhale pamalo anu ndi ndani, mwini wake kapena antchito okha.

Yachiwiri ndi kubwereka katundu yekha, monga matenti, mipando, nsalu za pa matebulo, ndipo kukongoletsa kukhale kwa abale ndi anzanu. Imapulumutsa ndalama ndithu, koma imafuna munthu mmodzi wa diso labwino amene mawu ake ndi omaliza. Pakakhala anthu asanu olamula, pamapezeka mitundu isanu ya nsalu. Imafunanso kuti eni malo akuloleni kulowa dzulo lake, komanso gulu lina lodzamasula ndi kuwerenga katundu mwambo ukatha, chifukwa mpando uliwonse wosowa ndi nsalu iliyonse yopsa ndi kandulo mudzalipira. Anthu amene anakongoletsa usiku, kuphika m'mawa ndi kuvina masana sangathenso kunyamula mipando 200 madzulo. Pezani anyamata apadera a ntchito imeneyi, muwalipire.

Yachitatu ndi imene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndimaona kuti timaipeputsa: kukongoletsa ndi zinthu zakwathu. Pa chinkhoswe ambiri amachita kale zimenezi, koma mwachizolowezi chabe, kaphasa kamodzi ndi kamtondo pakona, kwinako nsalu zonyezimira zomwe zija. Chikhalirecho mwambo weniweniwo uli kale ndi zokongoletsa zake. Pali tambala ndi msoti zimene ankhoswe amasinthana, pali khasu ndi nkhwangwa za mnyamata, lichero, mthiko ndi chipande za mtsikana. Zinthu zimenezi zisabisidwe kuseri kudikira nthawi yake. Ziyalidwe pamkeka watsopano kutsogolo, poonekera, kuti ana obadwira m'tauni afunse tanthauzo lake.

Kuseri kwa akwati, m'malo mwa nsalu yoyera ya mapindemapinde, mangani mphasa ziwiri kapena zitatu zatsopano pa mafelemu a nsungwi, mukolowekepo malichero ndi nsengwa za misinkhu yosiyana. Mtundu wa bango ndi nsungwi umagwirizana ndi chovala chilichonse, ndipo pazithunzi nkhope za anthu zimaoneka bwino kusiyana ndi pansalu yonyezimira imene imabweza kuwala. Mipando yoluka ija imene alendo akunja amaitumiza kwawo ndi yokwanira kukhala mipando ya akwati. Pa matebulo, mitsuko ing'onoing'ono ya dothi kapena zikho zitha kusunga maluwa. Amene thumba lawo likulola atha kupita ku Dedza Pottery kukasankha mbale ndi miphika ya pa tebulo la akwati, kapena ku Mua, kumene malo a KuNgoni akhala akuphunzitsa osema kuyambira 1976. Zinthu zimenezi mwambo ukatha zimalowa m'nyumba ya banja latsopano, pomwe zobwereka zimabwerera kwa eni ake.

Chitenje chimafuna dzanja lodziletsa. Ngati banja lasankha nsalu imodzi yoti onse asoketse, musaiikenso pakhoma, pa matebulo, pa mipando ndi pa keke, chifukwa anthu amasowa m'kati mwa makoma. Dulani timizere topapatiza todutsa pakati pa matebulo oyala nsalu yoyera, kapena kumangira kumbuyo kwa mipando ya mzere woyamba wokha. M'masitolo a ku Old Town, cha ku Malangalanga ndi ku Bwalo la Njobvu, zitenje zilipo za mitundumitundu, zochokera ku Tanzania, ku Zambia ndi za fakitale ya Mapeto David Whitehead ya ku Blantyre. Gulani yokwanira nthawi imodzi. Mukabwerera patatha milungu iwiri mutha kupeza kuti mtundu umenewo watha.

Pa nkhani ya maluwa, apulasitiki safota ndipo okongoletsa ambiri ali nawo kale, koma akagwira ntchito Loweruka lililonse amatuwa ndi fumbi, ndiye aoneni kaye. Maluwa enieni odula ndi okoma m'maso ndi m'mphuno, koma m'tenti ya Okutobala amawerama mwambo usanafike pakati. Njira yapakati imene ndimaiyamikira ndi mbewu za m'miphika. Ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu ya mumzinda uno ndi ambiri, ndipo mutha kukambirana nawo zogula kapena kubwereka. Ikani miphikayo m'madengu, muindandalike m'mbali mwa njira ya akwati. Sizifota, mphepo siziwulutsa, ndipo pamapeto mutha kupatsa makolo a mbali zonse kuti akadzale. M'chilimwe bougainvillea amakhala atachita maluwa pamipanda yambiri. Nthambi zake zodula m'mawa womwewo zimakongoletsa khomo lolowera popanda kulipira kanthu, bola mupemphe kwa mwini mpanda. Mabaluni asiyireni maphwando a ana ndi a m'nyumba, padzuwa amaphulika.

Njira iliyonse imene mungasankhe, siyani bwalo lalikulu pakati pa akwati ndi mzere woyamba wa alendo, ndipo njira yapakati ikhale yotakata moti anthu anayi atha kuvina moyandikana. Miphika italiitali ya magalasi ndi makandulo m'njira imeneyi ndi ngozi. Tebulo la makashiya likhale pambali koma pafupi, poti anthu osinthitsa ndalama asatseke njira. Ikani malichero kapena madengu akuluakulu oponyamo ndalama. A Reserve Bank akhala akudandaula kuti ndalama zamapepala zimaonongeka msanga chifukwa chopondedwa m'maukwati, ndipo lichero lalikulu limachepetsanso ntchito ya otolera. Matebulo ozungulira ndi okongola, koma amadya malo, ndiye m'holo yaing'ono ndi bwino mipando ikhale m'mizere, matebulo akhale a makolo ndi ankhoswe okha.

Chakudya

Alendo amaiwala mtundu wa nsalu, koma saiwala kuti anabwerera ndi njala. Apa ndi pamene ndimapempha makomiti kuti asaumire.

Chizolowezi cha maukwati ambiri a m'tauni n'chakuti akwati, operekeza ndi achibale apafupi amadya nkhomaliro akachoka kutchalitchi, ndipo ku holo alendo amalandira kaphukusi ka zokhwasula ndi chakumwa. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo ndipo palibe cholakwika, malinga kaphukusiko kakhale kolemekeza munthu. Samusa, kachidutswa ka nkhuku, kakeke ndi chipatso ndi zokwanira kwa amene wadya kunyumba. Koma ganizirani za amene anakwera minibasi m'bandakucha kuchokera ku Dowa, ku Mchinji kapena ku Salima. Amenewo ayenera kuwerengedwa pa nkhomaliro yeniyeni, ndipo pakhale munthu wa mbali yawo wowatsogolera kumene kuli chakudya, chifukwa mlendo wakumudzi sangafunse yekha.

Buffet ya akatswiri ophika ndiyo imaoneka yapamwamba, ndipo ubwino wake ndi woona: chakudya chimakhala pamoto wapansi mpaka nthawi yogawa, mbale ndi masipuni ndi zawo, otsuka ndi awo, banja limapuma. Koma buffet ili ndi masamu ake amene ambiri sawerengera. Tiyerekeze kuti munthu aliyense akutenga theka la mphindi kuti adutse pa tebulo. Anthu 300 pa mzere umodzi ndi mphindi 150, maola awiri ndi theka. Ndiye kuti omaliza akudya dzuwa litalowa, ndipo perekani-perekani waima. Pa anthu ochuluka chotero pamafunika matebulo atatu kapena anayi ogawira, otalikirana, ndipo MC aziitana anthu m'magulu. Chachiwiri, nyama isakhale yodzitengera. Oyamba akadzaza mbale, omaliza amapeza msuzi wokha, ndipo omalizawo kawirikawiri amakhala amayi amene anatanganidwa ndi ntchito. Pakhale ogawa, ndipo makolo, ankhoswe, abusa ndi okalamba apatsidwe pamene akhala.

Chakudya cha m'mabokosi chimathetsa vuto la mzere. Aliyense amalandira chofanana, kugawa kumatenga mphindi zochepa, ndipo amene akufulumira atha kunyamula. Pa mwambo wa anthu ambiri m'holo ya mpingo, iyi ndi njira yachilungamo kuposa zonse. Choopsa chake ndi nthawi. Mabokosi 400 sapakiridwa mu ola limodzi, ndiye ophika ena amayamba m'mawa kwambiri, mpunga wotentha n'kutsekeredwa pamodzi ndi saladi ya mayonezi mpaka 3 koloko masana. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Chotentha chisungidwe pamwamba pa madigiri 60, chozizira pansi pa madigiri 5. Choncho funsani ophika kuti adzayamba kupakira nthawi yanji, ndipo gwirizanani kuti mabokosi afike pafupi ndi nthawi yodyera. Saladi ya mayonezi ichotsedwemo, m'malo mwake muikidwe kabichi wokazinga kapena ndiwo zamasamba zophika. Vuto lina ndi zinyalala. Ikani matumba kapena migolo poonekera, ndipo musapakire m'timapepala tapulasitiki topyapyala tija, pakuti malamulo a 2015 adaletsa mapulasitiki osakwana ma micron 60.

Njira yachitatu ndi yakale, ndipo ikadali yamphamvu: amayi apabanja, a chigwirizano kapena a m'dera kuphika okha pa mafuwa. Kukoma kwa nkhuku yalokolo yophikidwa pa nkhuni ndi nsima yotakasidwa ndi odziwa palibe hotela imene imakufikira. Mtengo umatsika chifukwa mumagula zinthu nokha, ndipo achibale amathandiza ndi zimene ali nazo, wina mbuzi, wina thumba la ufa, wina nkhuni. Pa chinkhoswe cha pakhomo sindiona chifukwa chofunira njira ina. Koma tinene zoona, mtengo wake weniweni amalipira ndi amayiwo, amene amagona pa moto n'kulephera kuona mwana wawo akulowa m'holo. Mayi ake a mkwatibwi, azakhali ndi achemwali ake sayenera kukhala kukhitchini tsiku limenelo. Chimene chimayenda bwino ndi kulemba ganyu amayi anayi kapena asanu ozolowera kuphikira anthu ambiri, kuwalipira moyenera, ndipo wachibale mmodzi wokhulupirika asunge kiyi wa chipinda cha katundu, azitulutsa mafuta, nyama ndi mpunga mwa muyeso.

Pogula, yambani ndi muyeso wosavuta. Kilogalamu imodzi ya mpunga imadyetsa anthu 8 mpaka 10 ngati pali zina zodyera, ndiye thumba la makilogalamu 50 ndi la anthu pafupifupi 400. Nkhuku imodzi yachizungu imatuluka zidutswa 8 zooneka. Onjezani pang'ono pa chiwerengero cha makadi, chifukwa kwathu kuno khadi limodzi limabwera ndi mlamu. Mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga ndi wokwera mtengo, koma fungo lake limadziwika munthu asanalawe. Gulani kwa wogulitsa amene mumamudziwa ndipo phikani pang'ono kunyumba kaye, pakuti wosakaniza ndi mitundu ina ngochuluka pamsika. Mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi zochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu zimatsikira mtengo m'misika yopikulitsa monga kwa Wakawaka, makamaka mukalawirira. Chambo ndi ulemu waukulu, koma pa anthu mazana ndi chodula, chimachedwa kukazinga, ndipo chimafuna ayezi kuchokera kunyanja mpaka kukhitchini. Chisungireni tebulo la makolo ndi ankhoswe.

Ndimadabwa kuti pa matebulo athu ambiri pamakhala mpunga, tchipisi, makaroni ndi saladi, koma nsima ndi ndiwo zakudimba palibe, ngati kuti n'zochititsa manyazi. Yesani kuika mphika wa nkhwani wotendera, chisoso kapena bonongwe, nyemba zophika bwino, ndi nsima yotentha, muone mzere umene udzatalike. Achikulire ambiri sanena kuti adya ngati sanagwire nsima. Futali, zitumbuwa ndi chigumu zitha kulowa m'malo mwa timakeke ta m'sitolo pa bridal shower, zitayalidwa m'malichero oyalamo masamba a nthochi. Pambali pakhale kambuzi wosinja kwa okonda tsabola. Apa chakudya chimasandukanso chokongoletsa, ndipo tebulo lotere anthu amalijambula okha.

Zakumwa za m'mabotolo n'zosavuta kugawa ndi kuwerenga, koma zimafuna ayezi wambiri ndi munthu wotolera mabotolo, chifukwa osowa mudzalipira. Thobwa ndi wotsika mtengo, amakhutitsa, ndipo pa chinkhoswe sayenera kusowa. Aphikidwe ndi munthu wodziwa, pa nthawi yoyenera, kuti asafike tsikulo atasasa. Madzi a malambe, bwemba kapena chidede ndi okoma ndipo mitundu yake imakongoletsa tebulo mukawaika m'zotengera zoonekera m'kati. Chachikulu ndi madzi amene mwagwiritsa ntchito: akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Tonse tikukumbuka kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse lisaonekenso pa mwambo. Ikani ndowa za mpopi ndi sopo pamalo awiri kapena atatu, ndipo wokongoletsa aziphatikize m'mapulani ake kuti zisaoneke ngati zongoponyedwa.

Keke ndingonena mwachidule. Ya kirimu wofewa imasungunuka m'tenti, ndiye ya panja ikhale ya chikuto cholimba, ifike mochedwerako ndipo ikhale pamthunzi. Ngati mudzagulitsa zidutswa, zidulidwe ndi kukulungidwa kale, kuti yaikuluyo ikhale yodula akwati ndi yopereka kwa makolo.

Ndikanasankha bwanji

Pa chinkhoswe cha anthu osapitirira 150, ndikanasankha pakhomo, tenti ziwiri zoyang'anana kuti akuchimuna ndi akuchikazi aonane, mphasa ndi malichero kutsogolo, amayi aganyu kukhitchini, thobwa m'ndowa zovindikira. Pa ukwati wa anthu 300 kapena 400 wa banja la ndalama zapakatikati, holo ya mpingo yodutsa mpweya, wokongoletsa agwire kutsogolo kokha ndi khomo lolowera, mipando yotsala ikhale yoyera bwino popanda zovala, ndipo ndalama yopulumukayo ipite ku bokosi la chakudya chenicheni. Garden ndikanaisungira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, mwambo uyambe msanga kuti uthe dzuwa lisanalowe, ndipo tenti ikhalepo ngakhale kumwamba kuli mbee. Hotela ndi ya amene asankha alendo ochepa ndipo mabanja onse awiri agwirizana nazo ndi mtima wonse, komanso ya ukwati wa mu Januwale ndi Febuluwale pamene mvula ili pachimake.

Mitengo sindinaitchule dala, chifukwa siikhalitsa. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makomiti amene anali atalemba bajeti miyezi ingapo m'mbuyo adaona ndalama zawo zikuchepa ali chikhalire. Choncho zinthu zosaonongeka monga mpunga, mafuta ophikira, shuga, zitenje ndi malichero gulani msanga ndalama zikangosonkhedwa, m'malo mozisunga ku akaunti. Ndi wokongoletsa kapena wophika, lembani pepala losainirana: mipando ingati, matenti a saizi yanji, mitundu ya chakudya ndi kukula kwa chidutswa cha nyama, ola lofikira, amene alipire galimoto yonyamula katundu ndi mafuta a jenereta, komanso ngati mtengo ungasinthe tsikulo lisanafike. Mukalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba sungani uthengawo, ndipo gawo lomaliza la ndalama liperekedwe katundu atafika pamalo ndipo wapampando wa komiti wamuwerenga.